Ampu ya mavaluvula ndi malire amene gitala imayambira kusasa

Ampu yanga yoyamba ya mavaluvula, chokuzira mawu a gitala, inali ya mawati 15. Ndinaigula kwa munthu wina amene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg, ndipo sabata yonse yoyamba ndinkaimbira m'chipinda kwathu ku Ulongué, ku Mozambique, chitseko chotseka, voliyumu ili pa 3. Mawu ake anali okoma kwabasi. Nsambo iliyonse inkamveka payokha, yonenepa, ndipo ndikakanda mwamphamvu ampuyo inkayankha ngati chinthu chamoyo. Loweruka lotsatira tinaitanidwa kukaimba pa ukwati ku Dómuè, pabwalo, m'chisakasa cha udzu. Madiramu atangoyamba, ine sindinkamvekanso. Ndinakweza kufika pa 5, kenako pa 7. Phokoso silinawonjezeke kwenikweni, chimene chinasintha ndi mtundu wa mawu. Anasasa. Tizidutswa tothamanga ta sungura tija ndinakonzekera mwezi wathunthu tinangosanduka phala. Pa nthawi yopuma, mkulu amene amaimba besi m'gulu lathu anandikokera pambali nati, "Achimwene, zala zanu zikugwira bwino, ndikuziona. Koma nsambo zikutuluka zitamatana. Kachinthu aka mwakapyoletsa muyezo."

Ampuyo sinali yowonongeka. Inali itangodutsa malire ake. Ampu iliyonse ya mavaluvula ili ndi malo amene mawu oyera amathera ndipo mawu osasa amayambira, ndipo pafupifupi zonse zimene oimba gitala amakangana, kaya ndi mawati, mtundu wa valuvula, sipika, mabatani ngakhalenso magetsi a pakhoma, zimangosuntha malire amenewa kupita kumwamba kapena kutsika nawo pansi. Munthu akamvetsa zimenezi, kusankha ampu kumasiya kukhala nkhani ya dzina lolembedwa kutsogolo. Funso limakhala limodzi: kumene ndimaimbira ine, ndi nyimbo zimene ndimaimba, malire aja ndikuwafuna pati?

Tiyambe ndi kabotolo kenikeniko. Kuno timati valuvula, kutengera Chipwitikizi, pomwe anzathu a kutsidya kwa Dedza ena amangoti chubu. Ndi kagalasi kochotsedwa mpweya mkati. Pakatikati pali kawaya kamene kamatenthedwa ndi mavoti 6.3 mpaka kufiira, ndipo kutenthako kumachititsa kuti chitsulo chozungulira kawayako chizitulutsa magetsi. Kunja kwake kuli chitsulo china chokhala ngati mbale, chimene chimapatsidwa mavoti ambiri, 250 kapena 450 kumene, n'cholinga choti chizikoka magetsi aja. Pakati pa ziwirizi pali kaukonde ka waya wopyapyala. Timagetsi tofooka tochokera ku gitala timafikira pa kaukondeko, ndipo tikagwedezeka pang'ono, mtsinje wonse wa magetsi opita ku mbale umagwedezeka chimodzimodzi koma mokulira. Amene anathirirapo mbatatesi m'madimba a ku Tsangano akudziwa mmene dothi lodzaza khasu limodzi, loikidwa kapena kuchotsedwa pakamwa pa ngalande, limalamulira madzi ambiri kuposa amene munthu angatunge ndi ndowa. Kaukonde kaja ndi khasu limenelo. Anakatulukira ndi Lee de Forest ku America m'chaka cha 1906, ndipo kwa zaka zambiri pafupifupi wailesi iliyonse inkayendera mavaluvula, mpaka thiranzisita, kachipangizo kakang'ono kogwira ntchito yomweyo popanda kabotolo kotentha, itatulukiridwa mu 1947 n'kuyamba kulanda malo pang'onopang'ono.

Ngalande nayo ili ndi pothera. Ikadzaza, ngakhale mutachotsa dothi lonse, madzi sangawonjezeke. Apa ndi pamene valuvula imasiyanira ndi thiranzisita, ndipo n'chifukwa chake oimba gitala anakana kuitaya pamene opanga mawailesi anaitaya. Ampu wamba ya mathiranzisita imakhala yoyera mpaka pamapeto penipeni, kenako n'kudula mawu mwadzidzidzi, ndipo kudulako kumalasa khutu. Valuvula imafika pamalire mozemba. Isanasase, imayamba yafinya mawu amphamvu n'kuwasalaza, imawonjezera timawu tina tamwamba togwirizana ndi liwu limene mwakanda, ndipo nsambo imalira nthawi yotalikirapo isanazilale. Kachigawo kameneka, kamene mawu sali oyera kotheratu komanso sanasase, ndi kamene anthu amalipirira ndalama zambiri. Mukakanda mofatsa mawu amayera, mukakanda mwaukali amakhakhala pang'ono, ndipo zonsezi mukuzilamulira ndi dzanja lamanja osagwira batani lililonse. M'chipinda muja, pa 3, ndinali ndili m'kachigawo kameneka. Ku Dómuè ndinali nditakadutsa kalekale.

Tsono mawati. Anthu ambiri amaganiza kuti ampu ya mawati 30 imafuula kawiri kuposa ya 15. Si choncho. Kuwirikiza mawati kumawonjezera madesibo 3 okha (desibo ndi muyezo wa kukula kwa phokoso), kusiyana kumene khutu limamva ndithu koma si kwakukulu. Kuti khutu linene kuti phokoso lawirikiza, pamafunika madesibo pafupifupi 10, ndiye kuti mawati ochuluka kakhumi. Ampu ya mawati 50 ndiyo imamveka ngati kawiri ka ya mawati 5. N'chifukwa chake ka Fender Champ, ka mawati 5 ndi valuvula imodzi yokha yamphamvu, kakhoza kusowetsa mtendere oyandikana nawo nyumba. Chimene mawati ambiri amagula si phokoso lenileni ayi, koma mpata woti mawu akhalebe oyera pamene woimba madiramu watenthedwa.

Apa ndi pofunika kusamala ndi malangizo ochokera kunja. Ambiri mwa amene amalankhula za maampu pa YouTube ndi oimba rock ndi blues, ndipo iwo amafuna kusasa. Kwa iwo ampu yaing'ono ndi yabwino chifukwa imasasa msanga makutu asanagonthe. Nyimbo zimene ife timaimba m'maukwati, m'mabala ndi m'matchalitchi a chigawo chino n'zina. Sungura imene inatilowera kuchokera ku Zimbabwe kudzera ku Cuchamano, rumba ya ku Congo, marrabenta ya kumwera, nyimbo zauzimu, zonsezi zimafuna gitala yoyera, yothwanima, magitala awiri kapena atatu akulukana ngati mphasa, aliyense akumveka njira yake. Kusasa kukalowa, kulukanako kumafafanizika. Choncho woimba gitala yotsogolera m'gulu la sungura lokhala ndi madiramu, pabwalo, popanda maikolofoni pa ampu, ayambire pa mawati 40 kupita m'mwamba. Fender Twin Reverb, imene inatuluka mu 1963 ili ndi mawati 85, mavaluvula anayi a mtundu wa 6L6 ndi masipika awiri a mainchesi 12, inatchuka chifukwa choti imakana kusasa ngakhale mutaikweza bwanji. Koma imalemera pafupifupi makilogalamu 30, ndipo amene anayesapo kukweza katundu wotere pa shapa (minibasi) yodzaza kapena kumangirira pa njinga yamoto akudziwa tanthauzo lake. Mng'ono wake, Deluxe Reverb ya mawati 22 ndi mavaluvula awiri a 6V6, imanyamulika ndipo m'tchalitchi cha anthu 100 kapena 200 imakwanira, koma voliyumu ikafika cha pakati imayamba kukhakhala.

Ndinene zoona pano, ngakhale ndimakonda mavaluvula. Ngati chimene mukufuna ndi mawu oyera ngati galasi basi, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, ampu yabwino ya mathiranzisita ikuchitirani ntchitoyo popanda zovuta zambiri. Roland JC-120, imene inayamba kupangidwa mu 1975, ilibe valuvula ngakhale imodzi, ndipo oimba ambiri a mawu oyera amaidalira mpaka lero. Valuvula ndi ya munthu amene akufuna kachigawo kaja ka pamalire, kufewa kuja kumene kumachititsa kuti liwu lapamwamba pa nsambo yoyamba lisabaye khutu, ndipo ali wokonzeka kuisamalira.

Chinthu chimene chimanyalanyazidwa kwambiri ndi sipika, chonsecho ndiyo pakamwa pa ampu. Sipika iliyonse ili ndi nambala yosonyeza phokoso limene imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi, munthu ataima mita imodzi kutsogolo kwake. Ina imalemba madesibo 97, ina 100. Kusiyana kwa 3 kumeneko n'chimodzimodzi kuwirikiza mawati a ampu yanu. Ampu ya mawati 15 yolumikizidwa ku sipika ya 100 imafuula ngati ya mawati 30 yolumikizidwa ku sipika ya 97, ndiye kuti mwakweza malire aja popanda kukhudza waya aliyense mkati. Bokosi nalo limalankhula. Lotseguka kumbuyo limamwaza mawu mbali zonse, woimba madiramu amakumvani, ndipo m'chipinda mawu amadzaza bwino, koma pabwalo popanda khoma kumbuyo theka la mawuwo limapita kuthengo. Lotseka kumbuyo limaponya mawu kutsogolo ndipo besi yake imakhala yolimba. Masipika a mainchesi 10 amayankha msanga ndipo amakomera zala zothamanga, pomwe a mainchesi 12 amakhala ndi thupi.

Mbiri ya Marshall ikusonyeza bwino mmene tizinthu totere timasinthira zonse. M'chaka cha 1962, Jim Marshall, amene anali ndi sitolo ya zoimbira ku London, anatulutsa ampu yake yoyamba, JTM45. Mawaya ake mkati anali pafupifupi ofanana ndi a Fender Bassman ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Zimene zinasintha n'zochepa: valuvula yoyamba anaika yokuza mawu kwambiri, ECC83 m'malo mwa 12AY7, mathiransifoma anali a ku England, ndipo m'malo mwa masipika anayi a mainchesi 10 m'bokosi lotseguka anaika masipika a Celestion a mainchesi 12 m'bokosi lotseka. Zinatuluka ndi mawu ena kotheratu, amene lero anthu amati ndi mawu a ku Britain.

N'chifukwa chake sindikhulupirira kwambiri anthu akamati valuvula yakuti ili ndi mawu akuti, ngati kuti kabotolo kokhako ndiko kamaimba. Pali kachoonadi pang'ono. Maampu a 6L6 nthawi zambiri amakhala ndi besi yotakata ndi mawu apamwamba oyera, ndipo amachedwa kusasa. A 6V6 ndi ofewa ndipo amagonja msanga. A EL34, amene Marshall inadzayamba kugwiritsa ntchito cha pakati pa zaka za m'ma 1960, amatulutsa mawu apakati aukali. A EL84 amathwanima ngati belu ndipo amakhakhala mofulumira. Koma zambiri mwa zimenezi zimachokera ku mmene ampu yonse inalukidwira. Vox AC30 ili ndi ma EL84 anayi, inde, koma chinsinsi chake china n'chakuti ilibe kanjira kamene maampu ambiri a Fender ndi Marshall ali nako, kobweza mawu pang'ono kuchokera ku thiransifoma ya sipika kubwerera mkati kuti awongole zokhota. Ampu yokhala ndi kanjira kameneka imakhala yoyera nthawi yaitali kenako n'kusasa mwachangu. Yopanda kanjirako imalowa m'kusasa pang'onopang'ono ngati munthu wowoloka mtsinje wosaya. Batani lolembedwa Presence pa maampu ambiri limagwira pa kanjira komweka: mukalikweza, mukuchepetsa kuwongola kuja pa mawu apamwamba okha.

Malire ndiponso sali amodzi. Ampu ili ndi zigawo ziwiri: timavaluvula ting'onoting'ono takutsogolo timene timalandira gitala, ndi mavaluvula akuluakulu akumapeto amene amakankha sipika. Chilichonse chikhoza kusasa pachokha. Maampu akale anali ndi voliyumu imodzi, ndiye kuti kusasa kunkabwera pokhapokha nyumba yonse ikugwedezeka. Kuyambira zaka za m'ma 1970, opanga monga Randall Smith wa Mesa Boogie anayamba kulumikiza timavaluvula takutsogolo motsatizana ndi kuika mabatani awiri, Gain ndi Master. Gain imalamulira mmene takutsogolo tikupanikizidwira, Master imalamulira zimene zikupita ku akuluakulu. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri kwa anyamata a m'makwaya n'chokweza Gain pa 7 n'kusiya Master pa 2, kenako n'kumadandaula kuti ampu ikulira ngati njuchi m'chitini. Wofuna mawu oyera achite mosemphanitsa: Master ikwere mpaka 7 kapena 8, ndipo Gain izikwezedwa kuchokera pa 1 mpaka phokoso litakwanira.

Mabatani a Treble, Middle ndi Bass nawo amanyenga. Pa maampu ambiri a mtundu wa Fender ndi Marshall, mabatani amenewa sawonjezera kanthu, amangochotsa, ndipo ndi olumikizana moti mukatembenuza limodzi enawo amasinthanso khalidwe. Kuwaika onse pa 5 sikutanthauza kuti mawu ali mmene gitala inawatulutsira, chifukwa pamenepo mawu apakati amakhala atakumbidwa dzenje, makamaka pa Fender. Muli nokha m'nyumba dzenje limenelo limakoma. M'gulu limakumizani, chifukwa pansi pali besi ndi ng'oma yaikulu, pamwamba pali mbale za madiramu ndi kiyibodi, ndipo malo a gitala ndi pakati pomwe mwakumbapo. Ine ndikafika pamalo ndimachita izi. Ndimaika ampu pa mpando, kapena kuipendeketsa kuti sipika iloze kumutu kwanga, chifukwa mawu apamwamba amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, ndipo ampu ikakhala pansi amene amawamva ndi mawondo anga ndi anthu a mzere woyamba. Woimba amene sakuwamva amangokwezabe Treble, uku agogo okhala kutsogolo atatseka makutu. Kenako ndimasintha mabatani pa phokoso lenileni limene tiimbire, gulu lonse likuimba, osati ndekha chamumtima. Bass ndimaitsitsa kwambiri, pa 3 kapena kutsikirapo, chifukwa mawu apansi ndi amene amadya mphamvu zambiri za ampu, ndipo ndi amene amayamba kubwebweta malire akayandikira. Kungotsitsa Bass kumakweza malire. Middle ndimaikweza mpaka ndidzimve popanda kuwonjezera voliyumu. Treble imabwera pomaliza.

Pali tinjira tina taulere. Maampu ambiri ali ndi kapasita kakang'ono pa voliyumu, kachipangizo kosunga magetsi, kamene kamalola mawu apamwamba kudutsa voliyumuyo ikakhala yotsika, pena kamakhala ndi switchi yolembedwa Bright. Mphamvu yake imachepa mukamakweza, n'chifukwa chake ampu yomweyo imabaya pa 2 koma n'kunenepa pa 5. Pa maampu a Fender okhala ndi mabowo awiri olowetsera gitala, bowo lachiwiri limatsitsa mphamvu ya gitala ndi madesibo 6, ndipo ndi mankhwala abwino kwa gitala ya mapikapu amphamvu (timaginito ta pansi pa nsambo timene timatola mawu) imene ikusasitsa ampu msanga. Kutsitsako mapikapu pang'ono ndi sikuludiraiva kuti atalikirane ndi nsambo kumathandizanso. Ndipo voliyumu ya pa gitala penipeni musaisiye pa 10 tsiku lonse: ikani ampu pamalire gitala ili pa 10, muziimba pa 7, ndipo nthawi yanu yotsogolera ikakwana mukweze ndi chala chaching'ono.

Zaulere zikatha, chotsatira chotchipa ndi kusintha valuvula yoyamba, imene ili pafupi ndi polowetsera gitala. Nthawi zambiri imakhala 12AX7, imene ku Ulaya amaitcha ECC83, ndipo nambala ya kukuza kwake ndi 100. Ili ndi abale ake olowa pa soketi yomweyo: 5751 ndi 70, 12AT7 ndi 60, 12AY7 ndi cha m'ma 40, ndipo 12AU7 siifika n'komwe pa 20. Kuika 5751 kapena 12AY7 pamalo oyamba kumachititsa kuti chigawo chakutsogolo chisasase msanga ndipo voliyumu imakhala ndi mpata waukulu woyendamo. Dziwani kuti mawati a ampu sawonjezeka, akumapeto aja adzasasabe pa phokoso lawo lomwe lija. Timavaluvula timeneti mukhoza kusintha nokha: zimitsani, zulani pulagi, dikirani tizizire, gwirani m'munsi n'kukoka mogwedeza pang'onopang'ono, ndipo pobwezera muyang'ane mpata umene uli pakati pa timiyendo 9 kuti ulingane ndi wa pa soketi.

Mavaluvula akuluakulu ndi nkhani ina. Amagulidwa awiriawiri kapena anayianayi oyezedwa kuti ndi ofanana, ndipo pa maampu ambiri, akalowa atsopano pamafunika kukonza chimene amisiri amati bias, ndiko kuti kuchuluka kwa magetsi amene valuvula imamwa ikungokhala osaimba. Tikhoza kuyerekeza ndi mmene injini ya galimoto imalirira itaima. Ikakhala yotsika kwambiri mawu amauma ndi kuwonda. Ikakwera kwambiri mawu amanenepa koma valuvula imapsa msanga. Amisiri ambiri sadutsa magawo 70 pa 100 a kutentha kumene valuvulayo ingapirire. EL34 imapirira mawati 25, ndiye magawo 70 ndi mawati 17.5, ndipo ngati pa mbale pali mavoti 450, tikagawa mawatiwo ndi mavotiwo timapeza magetsi okwana mamiliampu pafupifupi 39. Ndikanakhala ndikuimbira mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndikanapempha mmisiri atsike nayo cha pa magawo 60, mamiliampu 33. Maampu ena, monga AC30, amadzikonzera okha bias kudzera pa rezisita, ndipo mumangolowetsa mavaluvula oyezedwa. Funsani kuti yanu ndi ya mtundu uti musanagule.

Ntchito imeneyi ya mkati si yophunzirira pa foni. Makapasita akuluakulu a mu ampu amasunga mavoti 400 kapena 500 ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo akhoza kupha munthu. Amisiri athu ambiri a mawailesi ndi ma TV anakulira pa mathiranzisita, choncho pezani amene anagwirapo mavaluvula, nthawi zambiri ndi achikulire. Amene amandikonzera ine amayamba watsitsa magetsi a m'makapasita ndi rezisita, n'kuyeza ndi mita kuti atheratu, ndipo akamayeza ampu yoyaka dzanja limodzi amaliika m'thumba. Tsiku loyamba ndinamufunsa chifukwa chake. Anati, "Mwanawe, magetsi akalowa dzanja ili n'kutulukira linali, njira yake ndi pamtima."

Magetsi a pakhoma nawo amasuntha malire, ndipo apa ndi pamene ife a kuno tiyenera kuganiza kuposa wa ku London. Dziko lathu limagwiritsa ntchito mavoti 220. Ampu yochokera ku South Africa, ku Malawi kapena ku Ulaya, ya 230, imagwira bwino. Ya ku America ndi ya mavoti 120, ndipo mukailowetsa mwachindunji yapita, imafuna thiransifoma yotsitsira ya mphamvu zokwanira ndi kutsalako. Werengani kumbuyo musanalipire. Koma vuto lathu lalikulu ndi jenereta, popeza maukwati ambiri a kumidzi timaimbira pa iyo. Mavoti onse a mu ampu amatsatira a pakhoma. Jenereta ikalemedwa, amayi atalumikiza firiji ndipo anyamata alumikiza magetsi owunikira, mavoti amagwa, ampu imafooka, besi imalobodoka ndipo kusasa kumabwera msanga. Ndikaganiza za tsiku lija ku Dómuè, ndikukhulupirira kuti mbali ina ya vuto inali imeneyi. Katundu akachotsedwa mwadzidzidzi mavoti amalumpha, ndipo akakwera ndi magawo 10 pa 100, tiwaya totenthetsa tija timalandira pafupifupi 7 m'malo mwa 6.3, zimene zimafupikitsa moyo wa valuvula. Ine sindichoka pakhomo popanda kamita koyezera mavoti ndi sitabilaiza yowakhazikitsa. Jenereta iyambe yalira n'kukhazikika ndisanalumikize, ndipo ndimazimitsa ampu asanaizimitse. Waya wachitatu wa pa pulagi, wopita pansi, musadule kuti ilowe m'soketi ya mabowo awiri. Nsambo za gitala n'zolumikizana ndi chitsulo cha ampu, ndipo munthu amene wagwira nsambo n'kukhudza maikolofoni ndi milomo ndiye amasanduka njira ya magetsi ngati china chalakwika. Fyuzi ikapsa, pali chimene yaona, musaimange ndi waya kapena pepala la ndudu.

Lamulo lina losasweka: ampu ya mavaluvula isayatsidwe popanda sipika. Ya mathiranzisita imapirira zimenezo, koma iyi thiransifoma yake ya kumapeto ikhoza kupsa, ndipo ndicho chiwalo chodula ndi chosowa kwambiri. Ma ohm olembedwa pa ampu ndi pa sipika nawo alingane, 8 ku 8, 16 ku 16. Masipika awiri a 8 olumikizidwa mogundizana mbali ndi mbali amapanga 4, olumikizidwa mondondozana amapanga 16. Chingwe cha sipika chikhale cha sipika, osati cha gitala. Kumbuyo kwa ampu kusiyidwe mpata wopita mphepo, ndipo kumalo otentha a m'mbali mwa Zambezi kafani kakang'ono kopemerera kumbuyo n'kothandiza. Mukamaimba usiku, suzumirani kumbuyoko kamodzikamodzi. Kawaya kofiira pakati ndi kabwinobwino, koma mbale yeniyeniyo ikafiira ngati khala, zimitsani pompo. Mukamaliza, isiyeni izizire mphindi zingapo musanainyamule, ndipo pa misewu yathu yafumbi ikhale pa matiresi kapena pamiyendo, yokutidwa.

Ambiri a ife tidzagula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndiye pitani ndi gitala yanu ndi chingwe chanu, ndipo musalole kuthamangitsidwa. Iyake mphindi 20, chifukwa matenda ena amaonekera itatentha. Gitala musanalowetse, kwezani voliyumu mumvetsere: kaphokoso kochepa ka "sss" n'kachibadwa, koma kung'ung'udza kwakukulu kosatsika ngakhale voliyumu ili pa 0 kumaloza ku makapasita okalamba. Gogodani kavaluvula kalikonse mofatsa ndi pensulo, ndipo kamene kakulira m'sipika ngati belu katha ntchito, ngakhale kuti kameneko n'kosavuta kusintha. Nunkhizani kumbuyo. Fungo la chopsereza kapena phula lotuluka m'thiransifoma ndi chifukwa chokwanira chobwerera ndi ndalama zanu. Ndipo onani manambala a mavaluvula. Mafakitale opanga mavaluvula atsala ochepa pa dziko lonse, makamaka JJ Electronic ku Slovakia, fakitale ya ku Saratov ku Russia imene imapanga a mayina monga Sovtek ndi Electro-Harmonix, ndi ena ku China. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 mavaluvula anasowa ndipo mitengo inakwera. Kwa munthu wa ku Angónia amene adikire m'bale wobwera kuchokera ku Maputo kapena ku Johannesburg kuti amubweretsere, nzeru ndi kusankha ampu ya 12AX7, EL84, 6L6 kapena EL34, imene imapezeka paliponse pogulitsa zoimbira, n'kusungiratu imodzi yaing'ono ndi awiri akuluakulu m'bokosi.

Ampu yanga ya mawati 15 ija sindinaigulitse. Ndinasunga mametikali kwa miyezi ingapo n'kuisinthira sipika, ndinaika ya madesibo 100. Pamalo oyamba ndinaika 5751. Ndinasiya kuifunsa kuti idzaze bwalo yokha: tsopano imakhala pa mpando pambali panga, yoloza kukhutu, ndipo kutsogolo kwa sipika ndimaika maikolofoni yopita ku mikisa, osati pakatikati penipeni pamene mawu amabaya, koma zala zitatu kupita chakumbali. Pa ukwati umene tinaimba ku Tsangano chaka chatha, kukuzizira moti zala zinkauma, Master inali pa 7, Gain pa 3, Bass pa 3, Middle pa 7, Treble pa 5, ndipo kamita kankasonyeza 218 usiku wonse. Gitala ndinaimba pa 7 mpaka nyimbo yoperekezera akwati, pamene mkulu wa besi uja ananditsinzinira diso kuti nditsogolere, ndipo ndinakweza ndi chala chaching'ono kufika pa 10.